Kachilombo ka m'chifu ndi khansa yosowa imene imamva maantibayotiki

Nkhani ya lero ndi yotalikirapo, choncho ngati pamoto pali mphika yambani mwaphula, mubwere mukhale pansi. Ambiri a inu mumafunsa za zilonda za m'mimba. Wina akuti chilungulira sichikumuleka, wina akuti anasiya tsabola ndi nyemba kalekale koma m'mimba mukuotchabe. Lero sindiyamba ndi malangizo. Ndikufuna ndikufotokozereni mbiri ya kachilombo kamene kamayambitsa zambiri mwa zilonda zimenezi, ndiponso mmene madokotala anatulukira kuti kachilombo komweko n'kamene kamadyetsa khansa ina yosowa ya m'chifu.

Ndikati kachilombo musaganize za ka Edzi. Aka ndi ka gulu la mabakiteriya, dzina lake Helicobacter pylori, ndipo kamakhala m'chifu, thumba lija limene nsima imafikira ikatsika kummero. M'chaka cha 1993 madokotala a ku London ndi a ku Italy analengeza zimene zinachitikira odwala 6 amene anali ndi khansa imeneyi. Sanawang'ambe pamimba, sanawapatsenso mankhwala a khansa othothola tsitsi aja. Anangowapatsa mankhwala opha kachilomboka, ndipo mwa anthu 5 khansa ija inazimirira. Musathamangire kugolosale kukagula makapisozi. Werengani mpaka kumapeto, chifukwa nkhaniyi ili ndi malire ake.

Tiyambire kutali pang'ono. Chifu chimatulutsa asidi wamphamvu kwambiri wogayira chakudya, ndipo tizilombo tambiri timene timalowa ndi chakudya timafera momwemo. Poona zimenezi, sukulu za udokotala zinkaphunzitsa kwa zaka zambirimbiri kuti m'chifu simungakhale chamoyo chilichonse. Zilonda ankati zimabwera chifukwa cha nkhawa, kupsa mtima, zakudya za tsabola ndi kuchuluka kwa asidi. Mu 1910 dokotala wa maopaleshoni dzina lake Karl Schwarz analemba kuti popanda asidi chilonda sichingabuke, ndipo mfundoyi inasanduka ngati lamulo. Mu 1915 dokotala wa ku Chicago, Bertram Sippy, anayambitsa zoti wodwala azimwa mkaka pang'onopang'ono ola lililonse. Ndiye mukamva wina akukuuzani kuti mankhwala a zilonda ndi mkaka, dziwani kuti akunena za chipatala cha zaka 100 zapitazo. Mkaka umaziziritsa kwa kanthawi, koma chilonda suchipoletsa. Amene zinkawakanika ankapita ku fiyeta kukadulidwa mbali ya chifu.

Chodabwitsa n'chakuti tizilomboti anthu ankationa ndithu. Mu 1893 Giulio Bizzozero wa ku Turin m'dziko la Italy anafotokoza za tizilombo topotanapotana timene anatipeza m'chifu cha agalu, koma zinangotengedwa ngati nkhani ya agalu. Mu 1899 Walery Jaworski wa ku Kraków anationa m'madzi otsukira m'chifu cha anthu, n'kuganiza kuti mwina n'timene timadwalitsa, koma analemba m'Chipolishi, chinenero chimene madokotala a mayiko ena sankawerenga. Mu 1940 dokotala wachinyamata wa ku Boston, Stone Freedberg, anatipeza m'zifu zina zimene zinadulidwa pa opaleshoni, koma kenako anaisiya nkhaniyo n'kukhala dokotala wa mtima. Ndiyeno mu 1954 katswiri wolemekezeka wa ku America, Eddy Palmer, anayeza tinyama ta m'chifu toposa 1,000 n'kulengeza kuti mulibe tizilombo. Vuto linali utoto umene ankapaka pa tinyamato, umene sunkaonetsa bwino tizilombo ta mtundu umenewu. Koma wamkulu atalankhula, nkhani inagona kwa zaka 25.

Amene ndimamumvera chisoni ndi John Lykoudis, dokotala wamba wa m'tauni yaing'ono ya Missolonghi ku Greece. Mu 1958 iye mwini ankavutika m'mimba, anamwa mankhwala opha tizilombo, n'kuchira. Anayamba kupatsa odwala ake ndipo anathandiza anthu masauzande. Akuluakulu a zachipatala sanamumvere, ndipo mu 1968 komiti yoona za mwambo wa madokotala inamulipiritsa chindapusa cha ma drachma 4,000, ndalama za kwawo. Anamwalira mu 1980. Komabe tinene chilungamo: iye kachilomboko sanakaone, ndipo analibe umboni umene wina akanauyeza n'kuutsimikiza. Ankangonena kuti odwala anga akuchira, mawu omwewo amene amanena ogulitsa mabotolo a zitsamba pamsika. Kusiyana kwake n'kwakuti za iyeyo zinadzayezedwa pambuyo pake n'kupezeka kuti zinali zoona.

Amene anadzutsa nkhaniyi ndi Robin Warren, dokotala wa ku Royal Perth Hospital kumadzulo kwa Australia. Ntchito yake inali yoyang'ana tinyama ta odwala pa maikulosikopu. Pa nthawiyi zipatala zinali zitayamba kugwiritsa ntchito kachubu kofewa kokhala ndi diso kunsonga, kamene amalowetsa pakamwa mpaka m'chifu n'kutapa kanyama wodwala ali moyo. Kuunika kumeneku achipatala amati endoscopy. Pa 11 June 1979, tsiku limene ankakwanitsa zaka 42, Warren anaona kamzere kachilendo pamwamba pa kanyama ka wodwala wina. Atapaka utoto wa siliva anaona tizilombo topindika tambirimbiri. Anapitiriza kuyang'ana kwa zaka 2, ndipo paliponse pamene panali tizilomboti khungu la m'kati mwa chifu limakhala lotupa ndi lokwiya. Anzake ambiri sanachite nazo chidwi.

Mu 1981 kunabwera dokotala wachinyamata, Barry Marshall, amene ankafuna nkhani yoti afufuze pa maphunziro ake. Awiriwa anagwirizana zoyeza odwala 100. Kuti anthu akhulupirire, pankafunika kumeretsa kachilomboko mu labu, m'timbale tokhala ndi chakudya chake, koma kankakana kumera. Ogwira ntchito mu labu ankataya timbaleto pakapita masiku 2, monga ankachitira ndi tizilombo tina tonse. Pa tchuthi cha Isitala cha 1982 timbale tina tinatsalira m'makina otenthetsa kwa masiku 5, ndipo atabwerera ku ntchito anapeza tizilombo titamera. Kachilomboka n'kochedwa kukula, basi. Mwa odwala 100 aja, onse 13 amene anali ndi chilonda poyambira matumbo aang'ono anapezeka nako.

Ngakhale zinali choncho, mu 1983 bungwe la madokotala a m'mimba ku Australia linakana kuti zimene awiriwa anapeza zikambidwe pa msonkhano wake. Otsutsa ankafunsa funso labwino ndithu: tidziwa bwanji kuti kachilombo n'kamene kamabweretsa matenda, osati kamangobwera kudzakhala pamalo powonongeka kale, ngati ntchentche pa chilonda? Marshall anayesa kupatsira nkhumba koma sizinadwale. Mu 1984, ali ndi zaka 32, anayamba waunikidwa kuti zitsimikizike kuti chifu chake n'chabwinobwino, kenako anasungunula tizilombo tochokera kwa wodwala wina n'kumwa. Mkazi wake sanamuuze mpaka atamwa kale. Patapita masiku ochepa anayamba nseru ndi kusanza, m'kamwa mukununkha. Pa tsiku la 10 atamuunikanso anapeza chifu chotupa, tizilombo tili mbwee. Chilonda chenicheni sichinabuke, koma zinaonetsa kuti kachilomboka kamatha kudwalitsa munthu amene anali wathanzi. Dzina loti Helicobacter pylori kanapatsidwa mu 1989.

Mwina mukufunsa kuti nanga kamapulumuka bwanji mu asidi muja. Khoma la chifu lili ndi mamina okhuthala amene amaliteteza kuti lisadzigaye lokha. Kachilomboka kali ndi timichira kumbuyo, ndipo kamaboola maminawo n'kukabisala pansi pake pamene asidi safika kwambiri. Kamatulutsanso amoniya, mpweya wa fungo lija mumalimva m'khola kapena pamene pakhalitsa mkodzo, umene umafooketsa asidi pamalo pamene kali. Thupi likazindikira kuti kwalowa mlendo limatumiza asilikali ake, maselo oyera a m'magazi aja timawatchula tikamakamba za chitetezo cha m'thupi. Asilikaliwo amafika, koma mdani sangamugwire chifukwa ali kuseri kwa mamina. Sabwereranso. Amamanga misasa m'khoma la chifu, ndipo nkhondo imene inayamba munthu ali ndi zaka 5 imatha kupitirira mpaka atakalamba. Gwirani mfundo ya misasayi, chifukwa khansa ya lero imayambira m'menemo.

Tsopano tichoke ku Australia tipite ku England, kumene m'zaka zomwezo madokotala ena awiri ankalimbana ndi funso losiyana, osadziwa kuti likugwirizana ndi la Warren. Peter Isaacson anaphunzira udokotala ku Cape Town. Dennis Wright anagwirapo ntchito ku Makerere mumzinda wa Kampala m'zaka za m'ma 1960, kumene ankafufuza khansa ya Burkitt, ija imatupitsa nsagwada kapena mimba ya ana, imene kuno kwathu timaidziwa bwino. Onse anali akatswiri a khansa yotchedwa lymphoma, imene imayamba asilikali a m'thupi akamachulukana mopanda malire. Mukudziwa mwanabere amene amatupa mphechepeche mukavulala chala cha kuphazi? Umenewo ndi msasa wa asilikali, ndipo lymphoma nthawi zambiri imayambira m'malo otero. Koma mu 1983 Isaacson ndi Wright anafotokoza mtundu wina umene umayambira m'khungu lonyowa la m'kati mwa chifu ndi matumbo, umakula pang'onopang'ono, ndipo umakhala pamalo amodzi kwa zaka usanafalikire. Umenewu ndi umene lero umatchedwa MALT lymphoma.

Panali chinthu chimodzi chosamveka. Khansa imeneyi inkapezeka kwambiri m'chifu, chonsecho chifu cha munthu wathanzi sichikhala ndi misasa ya asilikali. Ndiye khansa ya asilikali ingayambe bwanji pamalo pamene palibe asilikali? Pa nthawiyo chithandizo chake chinali kudula chifu, mbali kapena chonse. Munthu amatha kukhala moyo wopanda chifu, koma amadya pang'onopang'ono moyo wake wonse, amaonda, ndipo amafunika jakisoni wa vitamini B12 mpaka kalekale kuti magazi asamachepe.

Panali kale kachizindikiro kena kochokera kwa anthu osauka. Kuyambira m'ma 1960, madokotala a kumpoto kwa Africa, ku Israel, ku Iran ngakhalenso ku Cape Town ankaona achinyamata ochokera m'mabanja osowa, kumene ukhondo ndi madzi zinali zovuta, akubwera ndi kutsekula m'mimba kwa miyezi, kupweteka m'mimba ndi kuonda koopsa. Inali lymphoma ya m'matumbo aang'ono, imene masiku ano imatchedwa IPSID. Madokotala ena anaona kuti akaipeza msanga n'kupereka tetracycline kwa miyezi ingapo, odwala ena ankachira. Sankadziwa kuti akupha kachilombo kanji. Mpaka mu 2004 m'pamene ofufuza a ku Paris anapeza m'matumbo a ena mwa odwalawa bakiteriya wotchedwa Campylobacter jejuni, amene amafala kudzera mu nkhuku yosapsa, mkaka wosawiritsa ndi madzi oipa. Isaacson nthendayi ankaidziwa bwino, ndipo pa maikulosikopu inkaoneka ngati m'bale wake wa khansa ya m'chifu ija.

Nkhani ya ku Perth itafala, zinthu zinayamba kulumikizana. Zinadziwika kuti misasa ya asilikali imapezeka m'zifu zimene muli Helicobacter. Andrew Wotherspoon, amene ankagwira ntchito ndi Isaacson ku London, anatenga tinyama ta odwala 110 a MALT lymphoma ya m'chifu n'kufufuza kachilomboka. Anakapeza mwa odwala 101. Zimenezi zinasindikizidwa mu 1991 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Kenako mu labu yomweyo Tracy Hussell anatenga maselo a khansayo n'kuwaika m'timbale. Paokha sankakula. Akawaikira Helicobacter ankayamba kuchulukana. Akachotsamo gulu lina la asilikali abwinobwino, amene ntchito yawo ndi kulimbikitsa anzawo pa nkhondo, kuchulukana kunkaima ngakhale kachilombo kalipo. Apa zinaoneka kuti khansayi ikadali yaing'ono siidziimira payokha. Kachilombo kamautsa asilikali olimbikitsa, iwowo n'kumauza maselo a khansa kuti pitirizani kuchulukana, nkhondo ikadalipo.

Ndiye panatsala kuyesa pa anthu. Gulu la ku London linagwirizana ndi madokotala a m'tauni ya Feltre kumpoto kwa Italy, kumene khansayi inkapezeka kawirikawiri kuposa madera ena. Amenewa ndi odwala 6 ndinawatchula koyambirira aja. Kachilombo kanafa mwa onse, ndipo atawaunika mobwerezabwereza, mwa 5 khansa sinapezekenso. Anthu 6 ndi ochepa, ndipo madokotala ambiri anakayikira, monga anayeneradi kutero. Koma mu 1995 madokotala a ku Germany anayesa odwala 33, ndipo mwa odwala pafupifupi 7 pa 10 aliwonse khansa inatheratu. Mayiko ena anapeza zofanana. Lero padziko lonse chithandizo choyamba cha MALT lymphoma ya m'chifu ndi kupha Helicobacter, ndipo ikapezeka msanga pafupifupi odwala 3 mwa 4 aliwonse safunikanso china.

Amayi mumvetsa msanga ndikafanizira ndi kuyamwa. Mwana wa miyezi 3 moyo wake uli pa bere. Wa zaka 3 analeka, amadzidyera yekha. Khansayi ikadali yoyamwa, mukaichotsera kachilombo imafota pang'onopang'ono, ndipo nthawi zina pamatenga chaka kapena kuposerapo kuti izimiririke, n'chifukwa chake wodwala amaunikidwa kangapo. Koma ikalowerera m'kati mwa khoma la chifu, ikafika m'misasa yoyandikana nayo, kapena maselo ake akasinthika mwa njira ina imene madokotala amatha kuiyeza, imakhala italeka kuyamwa. Pamenepo maantibayotiki okha sathandizanso, pamafunika kuwotcha ndi makina a radiotherapy kapena mankhwala a khansa. Ngakhale pamenepo ambiri amachira, chifukwa ndi khansa yofatsa poyerekeza ndi zinzake.

Apa ndiye pali malire ndinanena aja. Khansa ya m'chifu imene imapha anthu ambiri si imeneyi ayi. Ndi ina, imene imayambira m'maselo a khungu lenileni la chifu, ndipo nayonso Helicobacter ali m'kati mwake. Mu 1991 kafukufuku wa ku Britain, wa ku California ndi wa ku Hawaii anaonetsa kuti amene ali ndi kachilomboka amaidwala kwambiri kuposa amene alibe, ndipo mu 1994 nthambi yoona za khansa ya bungwe la World Health Organization inakaika m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Kanali koyamba bakiteriya kuikidwa m'gulu limenelo. Ku Japan anatsatira odwala m'mimba 1,526 kwa zaka pafupifupi 8. Mwa 1,246 amene anali ndi kachilomboka, 36 anadwala khansa. Mwa 280 amene analibe, sipanapezeke ngakhale mmodzi. M'boma la Linqu ku China anthu anapatsidwa mankhwala a masabata 2 mu 1995, ndipo patapita zaka 15 khansa inali yocheperapo pakati pa amene analandira mankhwala enieni. Koma mvetsetsani: kwa khansa iyi maantibayotiki amathandiza kupewa isanayambe. Ikayamba saichiza, imafuna opaleshoni.

Palinso khansa ina yosowa kwambiri ya m'mimba, pseudomyxoma peritonei, imene kawirikawiri imayambira mu apendikisi n'kudzaza mimba ndi zinthu zonanda ngati therere. Imagwira munthu 1 kapena 2 pa anthu 1 miliyoni pa chaka. Mu 2008 ofufuza a ku Maryland m'dziko la America anapeza mabakiteriya, kuphatikizapo Helicobacter, m'zonandazo, ndipo anayamba kuyesa kupereka maantibayotiki pamodzi ndi chithandizo china. Chithandizo chake mpaka pano ndi opaleshoni yaikulu. Ndaitchula kuti muone kuti kupezeka kwa tizilombo mu khansa sikutanthauza kuti makapisozi aichiza. Pa MALT lymphoma zinatengera kuyeza mu labu, kuyeza pa odwala, ndi kubwereza m'mayiko angapo.

Warren ndi Marshall analandira mphoto ya Nobel mu 2005, patapita zaka 26 chionereni kanyama koyamba kaja. Warren anamwalira mu 2024.

Nanga ife kuno zikutikhudza bwanji? Kachilomboka si kachilendo kwa ife. Ofufuza anaonetsa mu 2007 kuti kanachoka mu Africa muno m'mimba mwa makolo a anthu amene anasamukira kumayiko ena zaka pafupifupi 58,000 zapitazo. Lero pafupifupi theka la anthu onse padziko ali nako, ndipo mu Africa ndi anthu pafupifupi 7 pa 10 aliwonse. Ambiri tinakatenga tili ana, pakhomo pomwe, kudzera m'malovu, masanzi, chimbudzi ndi madzi osatetezedwa. Mu 1992 dokotala wina amene ankagwira ntchito kumpoto kwa Nigeria, Chris Holcombe, analemba kuti n'zodabwitsa kuti mu Africa kachilomboka kali ponseponse koma khansa ya m'chifu imaoneka yochepa. Ena anati mwina njoka za m'mimba kapena zakudya zathu zimasintha mmene thupi limalimbanira nako. Ena anayankha kuti khansa singawerengedwe kumene kulibe makina ounikira, ndiponso kumene anthu ambiri amamwalirira pakhomo osayezedwa. Ine ndimaona kuti yankho lachiwirili lili ndi mphamvu. Ganizirani anthu a m'mudzi mwanu amene anaonda, kusanza, n'kumwalira, ife n'kumati analodzedwa kapena anadyetsedwa. Ndi angati anaunikidwa m'chifu?

Musachite mantha kuti nonse muli pa ngozi. Mwa anthu amene ali ndi kachilomboka, ochuluka zedi amakalamba osamva kanthu. Mmodzi kapena awiri pa 10 aliwonse amadwala zilonda, pakati pa 1 ndi 3 pa 100 amadwala khansa yaikulu ija, ndipo MALT lymphoma imagwira osakwana mmodzi pa 1,000. Vuto lake n'lakuti zonsezi zimayamba mofanana: kuotcha pansi pa chifuwa, kukhuta msanga, kugeya, nseru. Palibe namwino kapena dokotala amene angasiyanitse chilonda ndi khansa pongogwira pamimba. Zimadziwika ndi endoscopy ndi kuyeza kanyama, zimene zimachitika m'zipatala zazikulu monga Queens ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, mutatenga kalata yochokera ku chipatala cha kwanu.

Choncho ngati bambo a kunyumba, amayi anu kapena inu nomwe mwakhala mukumva m'mimba kwa masabata angapo, ndipo pakuwonjezekera kuonda kosadziwika chifukwa, kusanza pafupipafupi, masanzi a magazi kapena akuda ngati khofi, chimbudzi chakuda ngati phula, kuyera m'maso ndi m'manja, kapena chotupa chogwirika pamimba, imeneyo si nkhani ya soda ndi mkaka. Chimodzimodzi ngati nsima yayamba kukakamira pakhosi, chifukwa kuno kwathu khansa ya kummero ndi yochuluka kuposa ya m'chifu. Munthu wopitirira zaka 50 amene wayamba kumene kumva m'mimba asazengerezenso. Mukafika kuchipatala nenani kuti zinayamba liti, ndipo tchulani mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, osaiwala Brufen, Indocid ndi Aspirin, chifukwa amenewa paokha amaboola chifu ngakhale popanda kachilombo.

Za makapisozi a kugolosale ndinene mosabisa. Helicobacter safa ndi mankhwala a mtundu umodzi. Pamafunika maantibayotiki osachepera awiri pamodzi ndi mankhwala ochepetsa asidi monga Omeprazole, kwa masiku 10 mpaka 14, osadumphitsa. Mukagula Amoxicillin wa masiku 2 kapena Flagyl wotsala kwa aneba, mumapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba, timene mawa sitidzamvanso mankhwala. M'mayiko ambiri a mu Africa Flagyl sakukaphanso bwino kachilomboka, ndipo mu 2017 World Health Organization inakaika pa mndandanda wa tizilombo timene tikufunika mankhwala atsopano mwachangu. Omeprazole womwa yekha miyezi ndi miyezi nayenso ali ndi msampha wake: ululu umachepa, munthu n'kumati ndachira, chotupa chikukula. Amathanso kubisa kachilomboka poyeza, n'chifukwa chake achipatala amakuuzani kuti mumusiye kwa masabata 2 musanayezetse. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa muzinena musanalembedwe mankhwala, ndipo abambo, Flagyl sayendera limodzi ndi mowa.

Kwa ana, chachikulu ndi kuchepetsa njira zimene kachilomboka kamadutsa. Musamutafunire mwana chakudya, phwanyani ndi supuni. Madzi akumwa akhale a pamjigo, owiritsa kapena othira klorini. Posamba m'manja muzithirirana madzi oyenda ndi sopo m'malo moviika manja nonse m'beseni limodzi, ndipo mpondagiya wa pachimbudzi asakhale wongoonetsa alangizi a zaumoyo akabwera. Mwana akasanza pukutani msanga n'kusamba m'manja. M'mayiko amene madzi ndi zimbudzi zinakonzedwa, kachilomboka kanachepa pakati pa ana popanda katemera aliyense, ndipo IPSID ija nayonso inayamba kusowa kumene moyo unasintha. Mwana wodandaula m'mimba musamugulire mankhwala a zilonda. Kawirikawiri chimakhala china, ndipo akamuone achipatala.

Chomaliza ndi cha amene munayezetsa kale. Kuyeza kwa magazi kumangoonetsa kuti thupi lanu linakumanapo ndi kachilomboka, ndipo kumatha kuonetsabe choncho kwa miyezi kapena zaka kachilombo katafa kale. Ndiye musamwe mankhwala kachiwiri ndi kachitatu chifukwa choti magazi akuonetsabe. Kuti mudziwe ngati kanafadi, yezetsani chimbudzi patapita masabata osachepera 4 chimalizireni mankhwala. Ngati kanafa koma ululu ukupitirira, pemphani kalata yokaunikidwa. Amene muli ndi agogo kapena achibale osatha kuwerenga, muwawerengere ndime ya zizindikiro ija madzulo ano.